Makilo 108 pa KTM: kumanga shoki sikungakuthandizeni, vuto ndi sipuling'i

Bambo ena a ku Chilenje anditumizira imelo, akuti anagula njinga yamoto ya KTM 300 EXC kwa munthu, iwo amalemera makilo 108, ndiye akapita kokwera uko ku Leopards Hill njinga imakhalira kumbuyo, akangolowa m'dzenje shoki imagunda mpaka kumapeto. Amekaniki awo amanga kale preload, kutanthauza kufinya sipuling'i ya shoki ndi nati yake, mpaka mazinga a natiyo atsala pang'ono kutha. Akufunsa ngati amangenso.

Achimwene, musamangenso chonde. Kumanga preload kumangokweza njinga m'mwamba chabe, kulimba kwa sipuling'i sikusintha olo pang'ono, chifukwa kulimbako kunapangidwira kufakitale, kumadalira kunenepa kwa waya ndi kuchuluka kwa mazinga ake. Zimene mupeze mukamangitsitsa ndi njinga youma pa timiyala ting'onoting'ono, tayala lakumbuyo kumangodumphadumpha osagwira pansi, koma pa dzenje lalikulu igundabe ngati kale.

Tsegulani buku la njinga yanuyo muone. A KTM amalemba kuti masipuling'i omwe imabwera nawo ndi a munthu wa makilo 75 mpaka 85, ndipo atavala zonse, helemeti, majombo, chotchinga pachifuwa. Tebulo lawo limathera pa makilo 95. Manje inu 108 ija mwina munayeza mutavala kabudula yekha, onjezani zovala ndi chikwama cha madzi muone pomwe muli, mwadutsa tebulo lonse.

Koma musagule kanthu musanayeze sag, kutanthauza mmene njinga imatsikira ikalemedwa, apa mpamene pali nkhani yonse. Mufunika tepi ndi anzanu awiri. Ikani njinga pa sitandi tayala lakumbuyo lili m'malere, yezani kuchokera pa ekiselo kufika pa chizindikiro chomwe mwalemba pa madigadi, lembani nambala. Itsitseni iime yokha popanda munthu, yezaninso malo omwewo. Kenako kwerani mutavala zonse, mapazi onse pa zopondera, mnzanu mmodzi agwire njinga winayo ayeze. Inu mutakwera iyenera kutsika pafupifupi mamilimita 105, ikaima yokha pafupifupi 35, manambala enieni a chaka cha njinga yanu ali m'bukumo.

Ndiye pali kanthu kamene kamasokoneza anthu ambiri. Mukamanga mpaka mwapeza 105 uja, kenako muone kuti njinga payokha ikungotsika 15 kapena 20, ndiye kuti sipuling'i ndi yofewa, osati yolimba ayi. Mwachita kuikakamiza kwambiri kuti ikunyamuleni, nchifukwa chake payokha sikutsika. Njinga payokha ikamatsika kupitirira 45 ndiye kuti sipuling'i yalimbitsa. Ine ndikukhulupirira kuti yanuyo mupeza nambala yaing'ono.

Mukamasintha, sinthani kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Ambiri amagula yakumbuyo yokha poti ndalama zavuta, ndikumvetsa, koma kumbuyo kukakwera mafoloko ali ofewa kulemera konse kumapita kutsogolo, pa mchenga handulo imayamba kugwedezeka, potsika phiri mukagwira buleki mphuno imamira, ndipo kugwa kwa pamenepo kumathyola phewa. Masipuling'i a mafoloko amakwera pang'onopang'ono, 4.2, 4.4, 4.6 N/mm (muyeso wa kulimba kwa sipuling'i) choncho, inu mudzadumpha masitepe awiri kapena atatu kuchokera pa yomwe ilimo. Yang'anani kaye nambala yolembedwa pa sipuling'i yakumbuyo, mwina mwini wake woyamba anali wochepa thupi anaikamo yofewa kuposa ya kufakitale. A Race Tech, kampani ya masipuling'i ndi mashoki, ali ndi chowerengera pa intaneti, mumalowetsa mtundu wa njinga, makilo anu ndi kakweredwe kanu, chimakupatsani poyambira. Ngati muitanitsa ku Johannesburg nenani chaka cha njinga, ndipo kumbukirani kuti shoki ya EXC yanu ndi ya mtundu wa PDS, yopanda linkage (tizitsulo tolumikiza shoki kunsi), sipuling'i ya KTM SX yokhala ndi linkage singagwire ntchito pamenepo.

Ikalowa sipuling'i yolimbayo idzabweza mwamphamvu, ndiye tsekaniko rebound, kasikulu kochepetsa liwiro lomwe shoki imabwerera nalo, makiliki awiri kapena atatu, mukwere, mumve, musinthenso. Ndipo poti mafoloko atsegulidwa kale auzeni amekaniki asinthiretu oilo ndi masili, fumbi la Lusaka mu Okutobala silisiya sili yamoyo. Za kuikamo mapaipi odula kuti mafoloko alimbe zija akakuuzani kanani, ndi preload yomweyo. Mukayeza nditumizireni manambala atatu aja tione limodzi saizi yoti muitanitse.