"Deplete" si kumaliza chabe

Achemwali, mwafunsa tanthauzo la "deplete" poti mwana wanu wakumana nawo m'notsi za Geography, pamutu wa "depletion of natural resources". Ena apa ayankha kuti ndi kumaliza. Sananame, koma yankholo laperewera.

Taganizani za nkhokwe. Mu Juni imakhala yodzaza mpaka kukamwa. Mumatapa lichero lero, lichero mawa, osabwezeramo kanthu. Pofika Januwale mumachita kulowetsa mutu ndi mapewa omwe kuti mupeze tizitsononkho totsalira pansi, tina tofumbwa kale ndi anankafumbwe. Kutapa kotereku ndiye "to deplete": chinthu chinalipo chambiri, ndipo mwachichepetsa pang'onopang'ono mpaka chatsala pang'ono kutha. Chikatheratu psiti, Chingelezi chake ndi "exhausted".

N'chifukwa chake simunganene kuti "I depleted my nsima". Nsima ya m'mbale timangoidya, imeneyo ndi "finish". "Deplete" amayenda ndi zinthu zosungidwa kapena zimene anthu ambiri amadalira, monga nkhalango, madzi apansi, chonde cha m'nthaka, mankhwala m'chipatala, kapena ndalama zakunja ku banki yaikulu.

Mawuwa anachokera ku Chilatini, "deplere", kukhuthula chodzaza, ndipo ndi apachibale ndi "complete". Madokotala akale ankawanena pochotsa magazi m'thupi la wodwala. Ine mbiri imeneyi imandithandiza kuwamva bwino, chifukwa chinthu chimene chili "depleted" chimakhala chidakalipo koma chofooka.

Potchula amati "dipliit". Wochita timati "charcoal burning depletes forests". Chochitidwa timati "the soil is depleted", ndipo mukafuna kutchula chimene chachokamo muonjezere "of": "depleted of nutrients". Dzina lake ndi "depletion", monga mu "ozone depletion", kuchepa kwa mpweya wa mumlengalenga wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, vuto limene mayiko anasainirana pangano ku Montreal mu 1987.

Koma mwanayo musam'patse chitsanzo chakutali. Muuzeni za nyanja ya Malombe ku Mangochi. Kale inkatchuka ndi chambo, koma pofika m'zaka za m'ma 1990 chinali chitasowa kwambiri chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokolola ndi kasawala yemwe, ana a chambo asanakule n'kuswana. Madzi alipo, mabwato alipo, koma asodzi ambiri amabwerako ndi kambuzi basi. Zimandiwawa ndikaona mtengo wa chambo pamsika lero, nsomba imene makolo athu ankadya osawerengera. Pamayeso mwanayo akalembe kuti "chambo stocks in Lake Malombe have been depleted by overfishing", ndipo afotokoze za makokawo.