Kodi sindikaomba khoma?

FUNSO: Anzanga akundikakamiza kuti tikasewere VR, ija umavala kumaso chipangizo chokuonetsa dziko la pakompyuta ngati uli momwemo, n'kumayendayenda m'chipinda chachikulu. Nditayesako kunyumba ndinachita chizungulire mpaka nseru. Nanga kumeneko sindikagwa kapena kuombana ndi anzanga? Ndine wowerenga wamantha.

YANKHO: Pitani ndithu. Chizungulire chija chimabwera chifukwa maso amaona ngati mukuyenda pomwe thupi lili phee pampando, ndiye mkati mwa khutu, momwe mumatithandiza kuti tisamadzandire, mumatsutsana ndi maso. M'bwalo lotere mumayendadi ndi miyendo yanu, choncho mkangano uja umachepa. Ine amene ndimachita nseru ngakhale m'galimoto, ndinamaliza bwinobwino.

Zoombana musade nazo nkhawa. Makina amadziwa pomwe aliyense waima, mnzanu mumamuona ngati munthu wa m'seweromo, ndipo mukayandikira khoma chenjezo limatulukira m'maso mwanu. Kampani ina ya masewero otere, ya Zero Latency, yomwe inatsegula bwalo lake loyamba ku Melbourne m'dziko la Australia mu 2015, imalowetsa anthu mpaka 8 nthawi imodzi. Kungoti musathamange.

Chomwe chinandigonjetsa ine ndi kamlatho kopapatiza pamwamba pa chiphompho. Mutu unkadziwa kuti pansi m'pathyathyathya, koma mawondo anakana. Ndinawoloka chokwawa ngati nkhono, anzanga ali chikhakhali. Mpaka lero amandinena nazo.

Muvale nsapato zotseka ndi zovala zopepuka, chifukwa thukuta limachita kuyenderera. Nseru ikayamba, imani pomwepo, muuze woyang'anira akuvuleni chipangizocho.