Andisankha upampando, kenako akulikulu asintha zonse. Ndituleko pansi?

FUNSO

Zikomo akonzi. Ine ndine mayi wa zaka 41, ndimaphunzitsa pulayimale kuno ku Ntcheu. Chaka chino anandisankha kukhala wapampando wa nthambi ya SACCO yathu, bungwe lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama, tilipo pafupifupi 300, aphunzitsi, ageni, alimi ndi ena opuma pantchito. Ndangokhala pampando kulikulu kwabwera kalata yoti masheya ndi ngongole tizilipira pafoni basi, mabuku olemba pamanja aja atha, nthambi yathu iphatikizana ndi ina yoyandikana nayo, komanso munthu asamakhale mu komiti kupitirira matemu awiri. Lomalizali likugwera bambo ena amene akhala msungichuma zaka 14 ndipo anthu amawakonda kwabasi. Pano pa gulu la WhatsApp akuti ndagulidwa ndi akulikulu, ena akuti achotsa ndalama zawo. Tulo sindikulipeza. Ndingotula pansi udindowu?

Wapampando wothedwa nzeru, Ntcheu

YANKHO

Mayi Wapampando pepani ndithu, koma kutula pansi ayi. Mukatula lero anthu anena kuti mwaona china chake m'mabukumo ndiye mukuthawa, ndipo mawa lake mzere wa ofuna kuchotsa ndalama ufika kumsewu.

Anthu anuwo sakudana ndi foni, ambiri mwa iwo Airtel Money kapena Mpamba amagwiritsa kale ntchito potumizira ana fizi. Chimene akuopa ndi choti ndalama yawo ichoka m'manja mwa munthu amene amamudziwa nkhope, amene amakumana naye kumaliro ndi kutchalitchi, nkupita kwa munthu wa mu ofesi amene sanamuonepo. Komanso musaiwale kuti awa ndi anthu omwe mu Novembala 2023 anangodzuka nkumva kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti, zimene anasunga zaka ndi zaka mphamvu yake yatsika kwambiri, ndiye mawu oti kusintha akawamva mtima umayamba wagunda kaye. Sikuti ndi umbuli ayi.

Akulikulunso si afiti. Kuyambira 2011 ma SACCO ali pansi pa lamulo la Financial Cooperatives Act, amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank, ndipo amayenera kumatumiza malipoti a momwe chuma chikuyendera. Kuwerengetsa zimenezo kuchokera m'mabuku a pamanja a nthambi iliyonse, ena onyowa ndi mvula ena tsamba linathothoka, ndi mutu waching'alang'ala. Vuto lawo ndi loti anangotumiza kalata ngati akulamula antchito awo, chonsecho SACCO eni ake ndi mamembala, aliyense voti imodzi kaya ali ndi masheya ambiri kaya ochepa.

Ndiye choyamba tsegulani malamulo a SACCO yanu muwerenge nokha, osati kumva za m'maluwa. Kusintha matemu a komiti ndi nkhani ya malamulo, ndipo malamulo amasinthidwa ndi mamembala pa msonkhano waukulu. Funsani kulikulu mwaulemu koma polemba kalata: zimenezi zinavomerezedwa pa msonkhano uti, maminitsi ake ali kuti, nthambi yathu inatumako ndani. Ngati zinadutsadi, maminitsiwo mukawawerengere anthu. Ngati sizinadutse, pamenepo muli ndi pogwira ndipo amene amati mwagulidwa aja aona okha kuti mukuimira ndani.

Tsopano za bambo msungichuma, apa ndi pamene pali nkhani yonse. Musakambe nawo pa WhatsApp, musawatumizire uthenga kudzera mwa mlembi, pitani kunyumba kwawo masana ndithu ndi munthu mmodzi wachikulire amene iwo amamulemekeza, mukakhale pansi. Zaka 14 si masewera, munthu ameneyu amadziwa amene amabweza ngongole akangokolola mbatata ya kachewere, amene amachedwa koma sathawa, ndi amene ukamubwereketsa uzingoiwala, zinthu zoti mu kompyuta simungazipeze. Akamva ngati akuchotsedwa chifukwa akuwakayikira, sanena kanthu pamsonkhano koma anthu awatsatira mwakachetechete. Auzeni kuti mabuku awerengedwe ndi oditala iwo asanachoke, lipoti lake liwerengedwe pagulu, kuti atuluke ndi dzina loyera. Kenako apempheni kuti iwo ndi amene atsogolere ntchito yosamutsa maakaunti, membala aliyense abwere ndi kabuku kake ayerekeze ndi zimene zalowa mu kompyuta, asayine. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, bambo amenewa akangonena kuti ndalama zanga ndaziona zili bwinobwino, theka la phokosoli latha. Koma ngati atakana kuti mabuku awerengedwe, eee, pamenepo muuze komiti yoyang'anira tsiku lomwelo, musasunge nokha mumtima.

Za foni musavomere zoti tsiku limodzi basi tasintha. Pemphani miyezi ingapo yoti njira zonse ziwiri ziziyendera limodzi, ndipo kulikulu mupite ndi mafunso a anthu anu enieni: ndalama yodula potumiza alipira ndani, agogo amene alibe foni atani, kumidzi komwe netiweki imachita kufuna kukwera pachulu zikhala bwanji, munthu akalakwitsa nambala adandaule kwa ndani, lisiti lake ndi chani. Mayankho abwere olembedwa. Ndipo tsindikani kuti ndalama zizipita ku akaunti ya SACCO, osati pa nambala ya munthu wa mu komiti olo atakhala inuyo, komanso PIN sapatsana olo ndi ejenti.

Kuphatikiza nthambi nkosavuta kwenikweni bola mugwirizane poyera komwe misonkhano izichitikira ndi mipando ingati mbali iliyonse, chifukwa transipoti ndi imene imathetsa magulu ambiri. MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO umene ulipo kuyambira 1980, imaphunzitsa makomiti, uzani akulikulu akonze maphunziro a makomiti awiriwa pamodzi.

Amene akuti achoka musawanyengerere ndi malonjezo, musawaopsezenso. Awerengereni zimene malamulo akunena pa nkhani yochoka, makamaka kwa amene ali ndi ngongole kapena anaimira mnzawo pa ngongole, chifukwa ambiri amakhala sanaganizeko zimenezo.

Pa WhatsApp paja lekani kuyankha aliyense usiku, mudwala BP. Lembani uthenga umodzi wonena tsiku la msonkhano, malo, ndi kuti wakulikulu abwera kudzayankha yekha mafunso. Tsikulo lisakhale la msika, ndipo bambo msungichuma akhale kutsogolo pambali panu.