Patapon 2: ng'oma ndi zomwe zija, nanga chasintha n'chiyani?

Sabata yatha mmodzi wa inu wandilembera imelo. Akuti: "Ndinasewera Patapon yoyamba pa PSP ya mkulu wanga kalekale, ndipo mpaka lero nyimbo zake zimandibwerera m'mutu. Ndaona kuti yachiwiri ikupezeka pa makina amakono. Kodi ndi gemu ina, kapena ndi yomwe ija angoiveka malaya atsopano? Ndiuzeni ubwino ndi kuipa kwake ndisanataye ndalama."

Achimwene, zikomo pondikumbutsa gemu imene ndimaikonda kuchokera pansi pa mtima. Ndiyambe ndi yankho lalifupi: gulani. Koma mugule mukudziwa kuti maola ena mudzasangalala koopsa, ena mudzatopa nayo, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Poyamba ndithandize ena amene sanaionepo. PSP ndi kachipangizo ka m'manja kosewerera magemu ka kampani ya Sony. Mu Patapon inu ndinu mulungu wa timitundu ta tianthu takuda, tokhala ngati diso limodzi lomera manja ndi miyendo, tojambulidwa ndi katswiri wa ku France wotchedwa Rolito. Simungatikankhe kumanja kapena kumanzere monga muchitira m'magemu ena. Mumalankhula nato ndi ng'oma zinayi, ndipo ng'oma iliyonse ili ndi batani lake: Pata, Pon, Chaka ndi Don. Mukaimba Pata Pata Pata Pon asilikali amayenda. Pon Pon Pata Pon amamenya nkhondo. Chaka Chaka Pata Pon amadziteteza. Inu mumaimba kanayi, iwo n'kuvomera kanayi, inu n'kuimbanso, osaphonya. Mukatsatiza bwino kangapo amalowa mu Fever, nthawi imene amatentheka n'kuwonjezera mphamvu, nyimbo imakoma, mikondo imagwa ngati mvula.

Zonsezi mu yachiwiri sanazikhudze, ndipo anachita bwino. Yoyamba inatuluka ku Japan mu Disembala 2007, yachiwiri mu Novembala 2008, kenako ku Ulaya ndi ku America mu 2009. Ku Japanko, pakati pa ziwirizi sipanathe ndi chaka chomwe. Choncho musadabwe mukayatsa n'kuona ngati mwabwerera pamene munasiyira. Nkhani yake ikupitiriradi pomwepo: a Patapon akwera chombo chimene anakhoma, chilombo cha m'nyanja chawaphwanyira, ndipo otsala akokoloka n'kukafika kudziko lachilendo kumene adani awo ndi a Karmen, anthu obisa nkhope.

Chinthu chachikulu chimene anawonjeza ndi ngwazi, msilikali mmodzi wovala chophimba kumaso amene mumamupatsa dzina nokha. Ngwaziyi mutha kuisandutsa wamkondo lero, mawa wachishango, mkuja wauta, ndipo ikafa imadzukanso pakapita kanthawi. Koma chimene ndimaikondera si chimenecho. Mphamvu zake zapadera zimatuluka pokhapokha mukaimba kanayi konseko ndendende pa nthawi yake. Mu yoyamba, mukangolowa mu Fever mumatha kumangoimba mwa bola-bola nkhondo n'kumayenda. Apa ayi. Khutu lanu likakhala lakuthwa mumaona phindu lake pomwepo.

Ndikukumbuka usiku wina ndikulimbana ndi Dodonga, chinjoka cholavula moto chija. Ndinali nditagona chagada, PSP ili pamwamba pa nkhope, mahedifoni m'makutu. Chilombo chija chinakokera mutu kumbuyo, ine n'kudziwa kuti moto ukubwera. Chala chachikulu chinapita chokha: Chaka Chaka Pata Pon, zonse zinayi kugwa pamalo pake. Ngwazi yanga yachishango inaima kutsogolo, moto unadutsa, gulu lonse linatsala lili chilili. Ndinazindikira pambuyo pake kuti phazi langa linali likugunda pabedi nthawi yonseyo. Chimwemwe chotere sindinachipezepo mu gemu ina iliyonse, chifukwa amene wapulumutsa anthu ako si lupanga lodula ayi, ndi khutu lako.

Nyimbo zolamulira anawonjezanso. Don Don Chaka Chaka imawadumphitsa m'mwamba, ndipo Pata Pon Don Chaka imawachotsera tulo, moto ndi zina zowagwira m'thupi. Asilikali atsopano alipo mitundu itatu: Toripon okwera mbalame, Robopon a zibakera zikuluzikulu ogumula malinga, ndi Mahopon amatsenga. Amathandiza, komatu ine ndinamaliza nkhondo zambiri ndi akale omwe aja a mikondo ndi mauta.

Chachiwiri chimene anakonza ndi kakulitsidwe ka asilikali. Mwina mukukumbuka kuti mu yoyamba, mukafuna msilikali wamphamvu munkayenera kuchotsa wakale n'kupanga wina ndi zipangizo zina. Zinkapweteka kutaya munthu amene mwayenda naye nkhondo khumi. Tsopano aliyense ali ndi mtengo wake wa nthambi: mumamukweza pang'onopang'ono, kumutsegulira nthambi iyi kapena iyo, wina akhale wosapsa ndi moto, wina wothamanga, popanda kumutaya.

Ndipo kuipa kwa gemuyi kwabisala mu ubwino womwewu. Nthambi iliyonse imafuna zipangizo: nyama, mitengo, miyala, mafupa, zikopa, komanso ndalama yawo yotchedwa Ka-ching. Msilikali aliyense amafuna zakezake. Ndiye werengani magulu atatu amene mumapita nawo kunkhondo, muone kuchuluka kwa zimene muyenera kutola. Mapeto ake mumabwerera kumalo osaka nyama omwe aja, kupha chilombo chomwe chija kachisanu, kachisanu ndi chimodzi, poyembekeza kuti mwina ulendo uno chigwetsa mwala umene mukusowa. Nthawi zina sichigwetsa. Tsiku lina ndinatha madzulo onse ndikusaka chinthu chimodzi, ndipo nditazimitsa ndinaona kuti nyimbo sindinaimve n'komwe, zala zimangoyenda zokha maganizo ali kwina. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa gemu imene moyo wake uli m'ng'oma siyenera kufika poti ng'omayo isanduke ntchito. Nthawi imene mumatha mukuyang'ana m'ndandanda wa zipangizo ndi yambiri kuposa mu yoyamba, ndipo gemu sikufotokozerani bwino kuti chakutichakuti chimapezeka kuti.

Chinanso, zilombo zingapo ndi nyimbo zina anangozitenga mu yoyamba. Kwa inu amene munaisewera kalekale mwina zidzakhala ngati kukumana ndi anzanu akale. Kwa wosewera ziwirizi motsatizana, kubwereza kumeneku kumaoneka msanga. Pa PSP panalibenso njira yoimitsira nkhondo pakati. Wina akakuitanani, Fever yapita.

Pali gawo lina losewera anthu anayi, lonyamula dzira lalikulu kudutsa pakati pa zoopsa mpaka kukaliswa ndi ng'oma kumapeto. Pa PSP munkalumikizana ndi anzanu muli pafupi, aliyense ndi makina ake. Mu Patapon 2 Remastered ya pa PS4 (PlayStation 4), imene inatuluka mu Januwale 2020, kusewera ndi anzanu anakuchotsa, mumangoyenda ndi timasilikali toyendetsedwa ndi kompyuta. Ndi zachisoni, koma mutha kuisewera yonse osakusowa.

Tsopano za makina amakono amene mwafunsa. Kuwonjezera pa ya PS4 ija, mu Julaye 2025 Bandai Namco inatulutsa Patapon 1+2 Replay pa Nintendo Switch, PS5 ndi kompyuta, magemu onse awiri pamodzi. Apa mumve bwino. Gemuyi anaipangira kachipangizo ka m'manja, kamene batani, chithunzi ndi mawu zimayendera limodzi. TV zambiri zamakono zimachedwetsa chithunzi ndi mawu pang'ono, ndipo mahedifoni opanda waya amachedwetsanso. M'magemu ena simungazindikire, koma pano kachedwedwe kakang'ono kotere kamakuphonyetsani ng'oma, inu n'kumadziimba mlandu kuti mwakalamba. Ikani TV pa Game Mode (njira yochepetsera kuchedwako), gwiritsani ntchito mahedifoni a waya, ndipo mu Replay muli posinthira nthawi ya mabatani kuti igwirizane ndi makina anu. Konzani zimenezi musanayambe nkhondo yoyamba.

Mukayamba, musafune kukweza asilikali onse nthawi imodzi, kumeneko n'kumene anthu ambiri amatopera n'kuisiya. Sankhani ngwazi ndi gulu limodzi, makamaka la mauta kapena la mikondo, muike chuma chanu pamenepo. Ngati zala zaiwala, yambirani pa mlingo wosavuta, palibe cholakwika. Ndipo mutetezeni Hatapon, wonyamula mbendera uja, chifukwa akangogwa iyeyo nkhondo yatha ngakhale ena onse ali moyo. Mukadzafika pa Dodonga mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti ngwazi yanu munaipatsa dzina loti ndani.