Esposito: dzina la ana oikidwa pa gudumu ku Naples

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi, yemwe amagwira ntchito ku Italy, wapeza mnyamata woti amange naye banja, ndipo nkhani ya ukwati yafika kale kwa ankhoswe. Mnyamatayo dzina la makolo ake ndi Esposito. Tsono wachibale wina wawanong'oneza kuti dzinali limatanthauza mwana wotayidwa, wosadziwika bambo ake. Mayiwo akufunsa ngati zimenezi n'zoona, komanso ngati a Esposito onse amene amawamva, mpaka a mu mpira omwe, ali a mtundu umodzi.

Mayi, wachibale wanuyo sananame, koma wakuuzani mutu wokha wa nkhani. Dzinali linachokera ku mawu a Chilatini akuti expositus, omwe ankanena za khanda loikidwa poyera kuti ena alitole. Alembi a nyumba zolerera ana ankalemba mawuwa m'kaundula pafupi ndi dzina la ubatizo la mwanayo. Mwana akakula, mawu aja ankamukakamira n'kusanduka dzina lake lachiwiri, ndipo ana ake ankalitenganso.

Kwawo kwenikweni kwa dzinali ndi ku Naples, kummwera kwa Italy. Mumzindawu, m'dera la Forcella, muli tchalitchi ndi nyumba yotchedwa Annunziata, yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1300. Pakhoma la nyumbayi panali chiboo, ndipo kuseri kwa chiboocho kunali chimgolo chamatabwa chozungulira, chimene eni ake ankachitcha ruota, kunena kuti gudumu. Mayi ankabwera, nthawi zambiri usiku, n'kugoneka khanda mumgolomo. Mgolo ukazungulira, mwana wapezeka mkati mwa nyumba, m'manja mwa amayi olondera. Wa panja sankaona wa mkati, wa mkati sankaona wa panja. Anakonza dala choncho, kuti mayi wothedwa nzeru asakaponye mwana mumtsinje kapena m'ngalande poopa kudziwika. Anthu amati ku Italy gudumu loyamba linaikidwa ku Rome mu 1198, pa chipatala cha Santo Spirito, molamulidwa ndi Papa Innocent III, ndipo mwambowu unafalikira m'mizinda yambiri.

Pali kanthu kena kamene wachibale wanu sanakuuzeni. Amayi ambiri ankamangirira chizindikiro pa nsalu ya mwana: theka la mendulo ya woyera mtima, chidutswa cha kachithunzi, kapepala kolembapo dzina. Theka linalo ankasunga okha. Alembi ankalemba zonse, tsiku, ola, zovala ndi chizindikirocho, kuti mayi akadzapezako bwino adzathe kutenga mwana wake poonetsa theka lija. Munthu amene akutaya chinthu sadula mendulo pakati. Ena mwa anawa analidi obadwa kunja kwa ukwati, ndipo masiku amenewo chimenecho chinali chitonzo chachikulu kwa mkazi. Koma enanso ambiri anali ana a m'banja, a makolo okwatitsidwa m'tchalitchi, amene njala inawapanikiza. Ku Naples anawa ankawatcha ana a Madonna, ana a Amayi Maria. Moyo wa m'nyumbamo sunali wofewa ayi. Oyamwitsa ankaperewera, matenda ankafala, ndipo makanda ochuluka ankamwalira asanathe chaka. Mkamwini wanuyo ndi mbewu ya mmodzi mwa amene anapulumuka.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landikoka kwambiri, chifukwa ife timamva dzina ndi makutu a kwathu. Kuno a Phiri akakumana ndi a Phiri anzawo pa basi, posachedwa ayamba kufunsana kwawo ndi kutchulana achibale, poti mfunda umaloza ku mtundu. Esposito salozera ku mtundu uliwonse. Makanda zikwizikwi osadziwana, a makolo osiyanasiyana, analandira dzina limodzi kuchokera ku cholembera cha mlembi. Wina aliyense wa iwo amene anakula n'kubereka anayambitsa mzere wake wa a Esposito. Ndiye a Esposito awiri a mumsewu umodzi ku Naples angathe kukhala opanda ubale wa magazi ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake dzinali linachuluka kwambiri: ndilo loyamba ku Naples ndi m'chigawo chonse cha Campania, ndipo mu Italy monse amaliika pa nambala 4, pambuyo pa Rossi, Russo ndi Ferrari. Mayina atatu amenewo ndi a chiyambi wamba. Rossi ndi Russo ankanena munthu wa tsitsi lofiira, pamene Ferrari ndi wosula zitsulo.

Mizinda ina inali ndi mayina akeake a ana oterewa. Ku Rome ankati Proietti. Ku Florence ankati Innocenti, potsatira dzina la nyumba yawo, Spedale degli Innocenti, yomwe inayamba kulandira ana mu 1445. Ku Milan ambiri ankapatsidwa dzina la Colombo, kunena kuti nkhunda, poti chizindikiro cha chipatala chachikulu cha kumeneko chinali nkhunda. Ku Bologna kuli a Degli Esposti, ku Sicily a Trovato.

Kuti dzinali linkalemera pamapewa, eni ake ankadziwa. Mu 1811 Joachim Murat, mlamu wake wa Napoleon yemwe panthawiyo anali mfumu ya Naples, analamula kuti ana otoledwa asamapatsidwenso dzina la Esposito, chifukwa linkawaika chidindo moyo wawo wonse. Alembi anayamba kupeka mayina ena. Chitsanzo chodziwika ndi wosema ziboliboli wotchuka Vincenzo Gemito, yemwe anaikidwa pa gudumu la Annunziata mu 1852. Anamupatsa dzina lakuti Genito, koma polemba wina anaphonya chilembo, n'kukhala Gemito. Gudumu la ku Annunziata linatsekedwa mu 1875, ndipo mu 1923 boma linathetsa magudumu m'dziko lonse. Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: n'kutheka kwambiri kuti kholo la mkamwini wanu limene linadutsa pa chiboo chija linakhalako zaka zoposa 200 zapitazo. Kuchokera pamenepo pakhala mibadwo ya abambo odziwika, olembedwa m'mabuku a parishi ndi a boma.

Lero ku Italy dzinali ndi dzina basi. Mbiri yake ambiri amaidziwa, koma palibe amene amaona Esposito ngati munthu wokayikitsa. A mu mpira amene mumawamvawo mwina ndi abale atatu a ku Castellammare di Stabia, kufupi ndi Naples: Salvatore, Sebastiano ndi Francesco Pio, yemwe wasewerapo kutsogolo ku timu ya Inter ya ku Milan ndi ku timu ya dziko. Amenewa ndiye ndi a bere limodzi ndithu. Nthano ya pizza ya Margherita imati anaiyambitsa ndi wophika wa ku Naples, Raffaele Esposito, mu 1889, ngakhale akatswiri a mbiri amatsutsana za nkhaniyo. Umphawi utathamangitsa anthu a kummwera kwa Italy cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, dzinali linawoloka nawo nyanja kupita ku America, Canada, Argentina ndi Brazil. Mukamalitchula, tsindikani pa "spo", osati pa "si" monga achitira Amereka. Mnyamatayo adzakondwa.

Ine ndikadakhala inu, sindikadayamba ndi nkhani ya dzinali pokumana ndi apongozi. Ankhoswe afunse zimene amafunsa kulikonse: mnyamatayo amachita chiyani, kwawo ndi tauni iti, makolo ake alipo kapena ayi. Ngati mwana wanu ndi mwamuna wake atafuna kufufuza chiyambi cha banjalo, boma la Italy linaika makaundula akale a kubadwa, ukwati ndi imfa pa intaneti, pa tsamba lotchedwa Antenati, ndipo salipiritsa. Chofunika n'kudziwa tauni imene agogo anabadwira.

Komanso dziwani kuti ku Italy mkazi akakwatiwa, pa zikalata zake pamakhalabe dzina la makolo ake, choncho mwana wanu sasintha dzina. Za adzukulu, khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula mu 2022 kuti mwana azitenga mayina a makolo onse awiri, pokhapokha makolowo atagwirizana kusankha limodzi. Ngati adzabadwire kumeneko, dzina la kwanu likhoza kulembedwa pamodzi ndi la Esposito, ndipo loyamba kulembedwa adzasankha ndi awiriwo.