Achemwali, za zithunzi zija za ku Piccadilly

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pagulupu, loti zithunzi ndinatumiza dzulo zija ndinajambula kuti, komanso ngati mnyamata wanu wokonda kujambulayu angapezeko polowera. Ndati ndingolankhula, kulemba zichuluka.

Malo aja ndi Royal Academy of Arts, konkuno ku London, mumsewu wa Piccadilly, m'chinyumba chotchedwa Burlington House. Chionetsero cha zaluso chimene ndinakaona kumeneko amachitcha Summer Exhibition. Chimakhalako nyengo yotentha ya kuno, cha mu June mpaka August, inu kumeneko mukuwotha moto. Chinayamba mu 1769, ndipo mpaka lero sichinadumphepo chaka.

Tsono chimene chinandigwira mtima ine, achemwali, n'chakuti aliyense amaloledwa kutumizako ntchito yake. Aliyense! Safunsa setifiketi, safunsa kuti unaphunzira kuti. Chakumayambiriro kwa chaka umatumiza chithunzi cha ntchito yako pa intaneti, n'kulipira ndalama yolembetsera. Akatswiri a pamalopo amakhala pansi n'kusankha, ndipo amene apambana gawo loyambali ndiwo amakapereka ntchito yeniyeniyo kuti aione ndi maso. Otumiza amakhala zikwizikwi, zopachikidwa zimangopitirira 1,000.

Mukalowa, eee, khoma lonse thoo, kuyambira m'munsi mpaka pafupi ndi denga, khosi kuchita kuwawa. Zopenta, zosema, zosoka, timanyumba toyerekezera ta akatswiri a zomangamanga, zonse momwemo. Ndiye pambali pa chilichonse salembapo dzina, amangoikapo nambala. Dzina ndi mtengo umakazipeza m'kabuku. Ine ndinaima nthawi yaitali pa kachithunzi kena kakang'ono ngati kope la kusukulu, ka mayi akusenda mbatata, manja ali makwinyamakwinya ngati a agogo aja. Pansi pake anali atamatapo kadontho kofiira, kusonyeza kuti kagulidwa kale. Nditatsegula kabuku, dzina lake losadziwika n'komwe, koma kali khoma limodzi ndi ntchito za anthu otchuka. Misozi inalengeza, ndikukuuzani. Ndipo gawo la ndalama zogulitsirazo limathandiza sukulu ya zaluso ya pomwepo, imene ophunzira ake salipira fizi.

Musaganize kuti n'za azungu okha. Mu 2013, El Anatsui wa ku Ghana anakuta kumaso kwa chinyumba chonsecho ndi chinthu chonga chinsalu chachikulu, cholumikiza zitsekerero za mabotolo ndi waya, n'kulandira mphoto yaikulu ya chaka chimenecho. Mu 2021 amene anatsogolera chionetsero chonse anali Yinka Shonibare, amene anakulira ku Lagos. Ndipo ukangoyenda pang'ono kuchoka pamenepo ufika pa Trafalgar Square, pamene mu 2022 anaimika chiboliboli cha John Chilembwe atavala chipewa, ntchito ya Samson Kambalu, mwana wa kwathu konko.

Sindikunamizani kuti n'zophweka ayi. Ambiri amabwezedwa, ena chaka ndi chaka, ndipo kutumiza katundu kuchoka ku Malawi kufika kuno kumadya ndalama. Koma chonde lekani kumuuza mwanayo kuti akutaya nthawi. Chija anajambula ndi makala, cha amayi akupeta chimanga pakhonde, ine ndinachisunga mufoni, ndipo dzulo ndili m'kati muja ndinachitsegula n'kumachiyerekeza ndi za pakhoma. Sichikanachita manyazi.

Ndiye muuzeni asankhe ziwiri zimene iye mwini akuzikonda, azijambule panja m'mawa dzuwa lisanakule, foni ataigwira mowongoka, asadule m'mbali. Ayezenso m'litali ndi m'lifupi, anditumizire. Ndalama yolembetsera ndilipira ine. Ndiimba Lamlungu mukaweruka ku tchalitchi, mudzamupatse foni ndilankhule naye yekha. Mupereke moni kwa alamu.