Zoti unene pa tsiku la agogo

Eee, mwanangu, ndamva funso lako lija, loti mu vidiyo ya phwando la agogo lokwanitsa zaka 90 unene chiyani, komanso ngati 1 January ya pa chiphaso chawo ndi tsiku lenileni lobadwa. Maso angawa kulemba sindingathe, ndiye ungomvera.

Tsikulo si lenileni ayi. Polembetsa ziphaso za unzika mu 2017 atafunsidwa tsiku anangoseka, ndiye panalembedwa 1 January 1936 basi. Koma chakacho sitinaphonye kwenikweni, poti amanena okha kuti pa njala ya 1949 anali atangotha msinkhu. Ndiye 90 imeneyi usaikayikire. Loweruka likubwerali talisankha chifukwa anthu akolola, komanso msewu wakumudzi wauma.

Tsono za mawuwo. Chonde usangoti "ndinu mzati wa banja, Mulungu akusungeni" n'kuthera pomwepo, amenewo anena aliyense, ndipo iwo amangogwedeza mutu osadziwa n'komwe wanena ndani. Uyambe ndi mfunda wawo, uti "aNaphiri, ndine mdzukulu wanu wa ku Johannesburg", uona mmene atchere khutu. Kenako uwakumbutse zimene anachita ndi manja awo. Pa njala ija anayenda wapansi ndi amayi awo kuchoka ku Lirangwe mpaka ku Ntcheu kukasuma, n'kubwerako atasenza chimanga pamutu. Agogo ako aamuna atapita kumigodi ndi Wenela, kwanuko komweko, ife tinaleredwa ndi thobwa ndi zitumbuwa zogulitsa pamsika. Bambo anadzabwerera Kamuzu ataletsa Wenela, ndege ija yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown mu 1974, ndipo chimene anabwera nacho ndi njinga ndi chifuwa, aaa, tisiye zimenezo. Fizi ya amayi ako inachokera mumtsuko wa thobwa umenewo. Chimenecho uchinene ndithu, chifukwa palibe mdzukulu anawathokozapo pa nkhani imeneyi, ndipo iwe sukulu unaiona chifukwa amayi ako anaphunzira.

Uwonjezepo kako kako, ngakhale kakang'ono. Paja unkakana nsima ya mgaiwa, iwo n'kumakusinjira ufa woyera wawekha, anzako akudandaula? Kameneko kawaseketsa mpaka misozi.

Ulankhule Chichewa, pang'onopang'ono, mokweza, khutu lakumanzere lija linatseka. Mphindi ziwiri zakwana, ukatalikitsa agona.

Ndalama ya keke yaikulu ija usawononge, kakang'ono ka ana kakwanira. Iwo apempha nkhuku ya lokolo, chitenje chatsopano, ndi amayi anzawo a Mvano abwere adzaimbe nawo pakhonde. Ukatumiza pa Mukuru undiuze, ndikagule ku Lunzu.

Vidiyoyo ifike pofika Lachinayi, ndiitsitsiretu ndili m'tauni, poti kumudzi netiweki mpaka ukwere pachulu. Uwauzenso achimwene ako atumize yawo, asadzati sanamve.